Mlandu Suola, Koma Umboni Umaola

Lero ndiimira kumbuyo munthu amene ambiri a inu simumukonda. Ndikunena wapolisi amene amasunga makiyi a chipinda cha katundu wa umboni, katundu uja apolisi ndi a kukhoti amamutcha exhibit. Dzina lake limatchulidwa pakati pathu ndi mkwiyo. Njinga ikabedwa n'kupezeka, mwini wake amafuna kuikwera tsiku lomwelo, ndipo akauzidwa kuti iyambe yaonekera pamaso pa woweruza, amatuluka akunena kuti wapolisiyo ndi wankhanza, kapena kuti akufuna kangachepe. Mawu amenewa amafika mpaka pa miliyano, ndipo timagwedezera mitu ngati tamva choonadi.

Tiyambe taona chimene munthuyu amachita, pakuti ambiri timamuweruza tisanadziwe ntchito yake. Chinthu chikalandidwa pamalo a mlandu, kaya ndi chikwanje, foni, thumba la chamba kapena ndalama, chimafika m'manja mwake. Iye amachilemba m'buku: nambala ya mlandu, tsiku, kumene chinapezeka, amene wachibweretsa, ndi maonekedwe ake. Amachimata chizindikiro, kuchitsekera, n'kuchiika pamalo pamene adzachipeze ngakhale patapita zaka. Ndalama zimawerengedwa pali mboni. Chamba chimayezedwa pa sikelo. Mfuti imachotsedwa zipolopolo. Chovala cha magazi chimayamba chaumitsidwa, kenako chimaikidwa m'pepala osati m'pulasitiki, chifukwa chinyezi chimabweretsa nkhungu, ndipo nkhungu imaononga chimene akatswiri akadapeza m'magaziwo. Chinthucho chikatuluka kupita kokayezedwa kapena kukhoti, wochitenga amasaina, ndipo pochibweza amasainanso. Mndandanda wa masiginecha umenewu ndiwo umatsimikizira woweruza kuti chikwanje chili patebulo ndi chomwe chija chinatoledwa m'munda, sichinasinthidwe panjira. Mndandandawu ukaduka pamalo amodzi, loya wa woimbidwa mlandu amalowera pomwepo, ndipo ali ndi ufulu wotero.

Makolo anati mlandu suola. Ananena zoona, koma ankanena za bwalo la mfumu, kumene mboni zinali anthu a m'mudzi womwewo odziwana mpaka agogo awo. Kukhoti la lero mlandu umatenga miyezi, nthawi zina zaka. Mboni zimasamuka, zina zimamwalira, zina zimaiwala. Chimene chimatsala ndi chinthu chija chili pa shelefu, ndipo icho chimaola, chimachita dzimbiri, chimadyedwa ndi makoswe ndi chiswe, kapena chimamera miyendo.

Musaganize kuti kulemba ndi kusainitsa kumeneku ndi nzeru za dzulo. Werengani Ezara 8. Pa mtsinje wa Ahava, asananyamuke ulendo wa ku Yerusalemu, Ezara anapatula akulu a ansembe khumi ndi awiri, nawayezera m'manja siliva wolemera matalente 650 ndi golide matalente 100, pamodzi ndi ziwiya. Atafika anapumula masiku atatu, ndipo tsiku lachinayi zonse zinayezedwanso m'manja mwa Meremoti mwana wa Uriya, pali anthu ena atatu, kulemera kwake n'kulembedwa. Amenewa anali ansembe, anthu opatulika, koma palibe anakwiya kuti sikelo ikumunyoza. Ife lero munthu akatipempha kusaina timati, kodi simukundikhulupirira? Ngakhale chopereka cha Lamulungu sitilola kuti achiwerenge munthu mmodzi, ndipo timachita bwino.

Tsopano imvani chimene chimachitika wosunga akagona kapena akagulidwa. Abale athu amene muli ku Cape Town nkhani iyi mukuidziwa. Ku South Africa kunali mkulu wa apolisi, Colonel Christiaan Prinsloo, wa ku Vereeniging, amene anali ndi mwayi wofika pa mfuti zimene zinali m'manja mwa apolisi zikudikira kuphwanyidwa. Iye anazitulutsa n'kumazigulitsa, mfuti pafupifupi 2,400, ndipo zambiri zinakathera m'manja mwa magulu a zigawenga a ku Cape Flats. Ofufuza anapeza kuti mfutizo zinakhudzidwa ndi imfa za anthu oposa 1,000, ena mwa iwo ana. M'chaka cha 2016 khoti linamulamula kukhala m'ndende zaka 18. M'dziko lomwelo, mu November 2021, mankhwala ozunguza bongo a cocaine olemera makilogalamu 541, amene anali atalandidwa kuti akhale umboni, anabedwa mu ofesi ya apolisi a Hawks ku Port Shepstone. Mayi wa ku Cape Flats amene anaika mwana wake m'manda sanaonepo chipinda chimene mfutiyo inachokera, koma chitseko cha chipindacho ndicho chinatsekula manda a mwana wake.

Mudzati izo ndi za kutali, ife sitigulitsa mfuti. Zoona. Koma ndikufunseni za chimene chimachitika m'nyumba zathu mwana wa pabanja akagwidwa. Usiku womwewo achibale amakhala pansi n'kuyamba kufufuza kuti ndani ali ndi mlamu kupolisi. Ndalama zimasonkhedwa, ndipo cholinga chake sichikhala kulipira loya. Chimene chikufunika n'chakuti foni yobedwa ija isowe, kapena thumba la chamba lipepuke lisanafike pa sikelo. Amene amanyamula envelopu nthawi zambiri ndi munthu waulemu wake, wovala bwino, mwinanso wa unifomu ya chigwirizano. Wapolisi akakana timamutcha wodzikuza, woiwala kwawo. Akalola timati Mulungu wayankha. Abale, pemphero lotere layankhidwa ndi ndani? Ku mbali ina ya mlandu womwewo kuli mayi wamasiye amene anathyoleredwa nyumba, kuli mtsikana amene anagwiriridwa, ndipo chovala chake chija ndicho mboni yokhayo imene singaopsezedwe. Nayenso ndi mwana wa munthu, ndipo mwina amakhala nafe pa benchi imodzi.

Timakonda kudzitonthoza ndi mwambi wakuti mbuzi imadya pamene aimangirira. Mbuzi imeneyi ndife timaithyolera msipu, kenako timadabwa ikadya chimanga chathu. Wosunga amene wataya umboni chifukwa cha mwana wanu lero adzataya umboni chifukwa cha amene adzakubereni mawa, pakuti mtengo wake mwamuphunzitsa ndinu.

Pali chinanso chimene sitichiganizira. Chipinda chimenechi chimatetezanso munthu wonamiziridwa. Ku Maryland, m'dziko la America, Kirk Bloodsworth anaweruzidwa kuti aphedwe m'chaka cha 1985 pa mlandu wopha kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi. Mboni zinalumbira kuti zinamuona. Iye anakana mpaka kalekale. Chimene chinamupulumutsa ndi kachovala ka mwanayo kamene sikanatayidwe. Katayezedwa ndi njira ya DNA kanaonetsa kuti wolakwa anali wina, ndipo mu 1993 anatuluka m'ndende. Kachovalako kakadatayidwa ngati chinyalala, munthu wosalakwa akadafera m'ndende. Tsiku limene mwana wanu adzanamiziridwe, mudzapemphera kuti wosunga umboni akhale wouma mtima ngati yemwe mukumunyoza lero.

Sindikunena kuti onse ogwira makiyi amenewa ndi oyera. Alipo amene amachotsa batire m'galimoto yolandidwa, alipo amene amachedwetsa dala kuti mutulutse kanthu. Amenewo akanenezedwe kwa akuluakulu awo kapena ku bungwe lothana ndi katangale la ACB, ndipo musawachitire chisoni. Akuluakulu a boma nawonso ali ndi mlandu wawo. Simungapatse munthu chipinda chodontha, chopanda mashelefu, chotsekedwa ndi loko wa pamsika, n'kuyembekezera kuti umboni ufike kukhoti uli wamoyo. Galimoto ndi njinga zamoto zimene zimaolera padzuwa m'mabwalo a polisi, matayala ataphwa, udzu utamera pansi pake, ndi chuma cha anthu, ndipo zimaola chifukwa milandu ikuchedwa. Pamenepo dandaulo lanu ndi loona, ndipo liyenera kupita kwa amene amachedwetsa milandu ndi amene amagawa ndalama za boma. Wogwira makiyi alibe mphamvu yotulutsa chinthu chimene mlandu wake sunathe.

Choncho katundu wanu akagwidwa ngati umboni, funsani nambala ya mlandu ndi dzina la wofufuza, ndipo muzilembe. Onetsetsani kuti katunduyo walembedwa m'buku monga alili: ngati ndi ndalama, kuchuluka kwake, ngati ndi njinga yamoto, nambala zake ndi chilichonse chili pamenepo. Sungani risiti yogulira. Ngati njingayo ndiyo imadyetsa ana anu, nenani zimenezo kwa woimira boma pamlandu ndi kwa woweruza, pakuti khoti lili ndi mphamvu yolamula kuti katundu abwerere kwa mwini wake. Ndipo inu amene muli ndi mwana kapena mphwanu wogwira ntchito imeneyi, lekani kumuimbira foni usiku.