Matayala a kwa eni chisanu

Ku Sweden lamulo silinyengerera: kuyambira pa 1 December mpaka pa 31 March, msewu ukakhala ndi chipale chofewa kapena madzi oundana, galimoto iyenera kuvala matayala a nyengo yachisanu, mizere yake yakuya mamilimita 3 kapena kuposa. Kukazizira kutsika pansi pa madigiri 7, labala ya tayala wamba imayamba kuuma, n'kuleka kugwira bwino msewu. Ambiri kumeneko amasunga malimu ena anayi achitsulo, ovekedwa kale matayalawo, poti kuvula ndi kuveka tayala kawiri pachaka kumadya m'mphepete mwake, komanso mchere wothiridwa m'misewu umawononga malimu onyezimira. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti galimoto zina zakale zochokera ku Japan zimatifika zitavala matayala oterewa, ife n'kumakondwera ndi mizere yakuyayo. Labala yofewa ya matayalawa ikakumana ndi phula lotentha la ku Chikwawa mu October imatha msanga, ndipo ukaponda buleki galimoto imachedwa kuima. Musanalipire, weramani muone m'mbali mwa tayala. Mukapeza mawu akuti studless kapena chithunzi cha phiri la nsonga zitatu, nenererani mtengo, chifukwa matayala ena anayi akukudikirani.

Wapamsewu