Livingstone ndi Victoria Falls: mtunda ndi waufupi, malire ndiwo atalikitsa ulendo

LIVINGSTONE, Zambia — Bwalo la ndege la Harry Mwaanga Nkumbula ku Livingstone ndi la Victoria Falls ku Zimbabwe atalikirana makilomita pafupifupi 30 okha poyeza molunjika. Pamsewu mtundawo umafika cha m'ma 40. Pakadapanda chotchinga, galimoto ikadamaliza ulendowu ola lisanakwane.

Koma pakati pa mabwalowa pali mtsinje wa Zambezi, mlatho womwe unamangidwa mu 1905, ndi zipata ziwiri za m'malire. Mlendo amadinditsa pasipoti yake ku mbali ya Zambia, kuwoloka mlatho, n'kukaimanso pamzere ku mbali ya Zimbabwe. Kawirikawiri amasinthanso galimoto, pakuti matakisi ambiri amalekezera pa chipata cha dziko lawo. Mabasi a alendo akafika nthawi imodzi, ola limodzi lija limasanduka awiri, ndipo amene akuthamangira ndege kutsidya alibe chochita koma kudikira.

Mabwalo awiriwa akulimbirana mlendo mmodzi, wodzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya. M'zaka za m'ma 2000, pomwe chuma ndi ndale zinasokonekera ku Zimbabwe, alendo ambiri anasamukira ku Livingstone, komwe mahotela awiri akuluakulu anatsegulidwa m'mphepete mwa mathithiwa mu 2001. Zimbabwe inayankha mu Novembala 2016 potsegula nyumba yatsopano yofikiramo apaulendo ndi msewu wa ndege wotalika makilomita 4, ntchito yomwe inadya madola 150 miliyoni a ku America, ngongole yochokera ku China. Chaka chotsatira, ndege za Ethiopian Airlines ndi Kenya Airways zinayamba kutera kumeneko.

Dziko lililonse linakometsa khomo lake. Chomwe chinatsalira m'mbuyo ndi kamtunda kapakati pa makomowo.

Si kuti maboma sanayesepo. Mu Ogasiti 2013 mayiko awiriwa anachititsira pamodzi msonkhano waukulu wa bungwe la United Nations loona za ntchito zokopa alendo, ndipo mu Novembala 2014 anakhazikitsa viza imodzi ya KAZA, ya madola 50, yolola mlendo kuwoloka mobwerezabwereza kwa masiku 30. Vizayi inachepetsa ndalama zolipira, koma mizere inakhalabe iwiri. Kuonjezera apo, mu 2022 Zambia inachotsa viza kwa nzika za Britain, America ndi mayiko a mu European Union, pomwe Zimbabwe inapitiriza kuzilipiritsa. Kwa mlendo wotere, kusankha bwalo loterapo sikudalira makilomita ayi, koma zomwe adzafunsidwe pa chipata.

Chodabwitsa n'chakuti mankhwala a vutoli ali pa mtsinje womwewu. Ku Chirundu, Zambia ndi Zimbabwe zinatsegula mu Disembala 2009 chipata chomwe wapaulendo amaima kamodzi kokha, maofesala a mayiko onse awiri ali m'nyumba imodzi. Ku Kazungula, komwe kale anthu ankadikira pantoni, mlatho wa mamita 923 wolumikiza Zambia ndi Botswana unatsegulidwa mu Meyi 2021 ndi dongosolo lomwelo. Zipata ziwirizi zinakonzedwa poganizira magalimoto a katundu, omwe kuchedwa kwawo kumawerengeka msanga m'ndalama. Kuchedwa kwa mlendo sikuoneka m'mabuku a msonkho. Kumaoneka pa tsiku lomwe waganiza zosawoloka, ndipo wogulitsa ziboliboli kutsidya wabwerera kunyumba chimanjamanja.

Mlatho wa Kazungula wasinthanso masamu a derali, chifukwa bwalo lachitatu, la Kasane ku Botswana, lili pamtunda wosakwana makilomita 100 kuchokera ku Livingstone. Mtundawo ndi wowirikiza kawiri wa ku bwalo la Victoria Falls, koma wapaulendo amaima pa chipata kamodzi.