Pempho kwa Anthu a kwa Mpama pa Nkhani Yokwera Phiri Usiku M'nyengo Yozizira

Gulu la nzika za m'dera la Mfumu Yaikulu Mpama, m'boma la Chiradzulu, likupempha mafumu, atsogoleri a mipingo, makolo ndi achinyamata kuti aganizire mofatsa za chizolowezi chokwera phiri usiku, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julayi pamene kuzizira kumafika pachimake. Ambiri mwa anthu amene amakwera phiri la Chiradzulu dzuwa litalowa amapita kumapemphero ochezera, ndipo gululi silikutsutsa cholinga chimenecho. Nkhawa yake ili pa anthu amene amanyamuka ali okha, atavala malaya opyapyala ndi patapata, nthawi zina atasala kudya masiku angapo, poganiza kuti nyengo imene aisiya kumudzi ndi imene akaipeze pamwamba.

Phiri la Chiradzulu ndi lalitali mamita 1,773, ndipo mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera. Kuwonjezera apo, m'nyengoyi kumabwera chiperoni, yomwe ndi nkhungu yosakanikirana ndi mvula yowaza, imene mphepo ya mwera imaikankha kuchokera kunyanja ya mchere ya Indian kudutsa dziko la Mozambique. Chiperoni ikakuta phiri, kuwala kwa tochi kumangothera m'nkhungumo, njira siioneka, ndipo matanthwe amene anali ouma masana amaterera chifukwa cha chinyezi ndi ndere, moti munthu amatha kufika m'mphepete mwa phompho asanazindikire.

Anthu ena amanena kuti ngozi ya kuzizira ndi ya maiko amene kumagwa chipale chofewa, chomwe ndi madzi oundana ogwa kuchokera kumwamba ali opepuka ndi oyera, ndipo amakwirira njira ndi maenje. N'zoona kuti chipale chotere sichigwa ku Chiradzulu. Komabe amene ali ndi abale ku South Africa akukumbukira kuti mu Seputembala 2024 chinatseka msewu wa N3, wa pakati pa Johannesburg ndi Durban, pamalo otchedwa Van Reenen's Pass, pomwe anthu ambirimbiri anagona m'magalimoto ndipo mayi wina anamwalira ndi kuzizira. Chimene chimapha munthu pamalo otere ndi kutha kwa kutentha kwa m'thupi, ndipo zimenezi zimachitikanso popanda chipale, malinga ngati zovala zanyowa, mphepo ikuwomba ndipo m'mimba mulibe kanthu. Phiri la Mulanje ndi mboni. Mu 2003 mtsikana wa ku Netherlands anasowa akukwera yekha nsonga ya Sapitwa, yotalika mamita 3,002, ndipo mu 2009 mnyamata wa ku Brazil, amene anapitirira ulendo wa pansonga yomweyo popanda womulondolera, anapezeka atamwalira ndi kuzizira patapita milungu yoposa iwiri.

Thupi la munthu wathanzi limatentha madigiri pafupifupi 37, ndipo kutenthako kukatsika pansi pa madigiri 35, madokotala amati munthuyo ali pangozi. Poyamba iye amanjenjemera kwambiri, mano n'kumagundana, zala n'kumakanika kumanga batani kapena kuyatsa machesi. Kenako amayamba kupunthwa, kulankhula mosamveka ngati woledzera, ndi kufuna kugona pansi. Chizindikiro choopsa koposa ndi pamene wasiya kunjenjemera koma akadali wozizira, pakuti anzake amaganiza kuti wapezako bwino pamene thupi lake lagonja. Pamalo a mapemphero vutoli limakula, chifukwa munthu amene wagwada chete kapena wagona chafufumimba kwa nthawi yaitali amayesedwa kuti wazama m'pemphero, ndipo palibe amene amalimba mtima kumugwedeza.

Pa chifukwa chimenechi gululi likupempha abusa ndi otsogolera mapemphero kuti azikwera ndi anthu awo dzuwa lisanalowe ndi kutsika kutacha, aziwerenga anthu ponyamuka, pakati pa usiku ndi potsika, ndipo asamalole okalamba, ana, amayi oyembekezera ndi odwala matenda a shuga kuchezera pamwamba akusala kudya. Aliyense wokwera anyamule juzi, chipewa, bulangete ndi zovala zosinthira zokulungidwa m'jumbo kuti zisanyowe, avale nsapato zogwira pansi, ndipo asadalire tochi ya m'foni yokha, pakuti batire limatha msanga kukazizira. Nyakwawa kapena wachibale adziwitsidwe njira imene anthu adzere ndi nthawi imene akuyembekezeka kubwerera. Ngati a Nthambi yoona za nyengo alengeza pawailesi kuti kubwera chiperoni, ulendo uimitsidwe. Chimodzimodzinso m'dzinja, pakuti boma la Chiradzulu, limene linaona matope ndi miyala zikukokolola mudzi wa Ntauchira, kwa Mfumu Yaikulu Likoswe, pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, likudziwa zimene phiri lokhuta madzi limachita usiku.

Munthu amene wapezeka atazizidwa chonchi atengeredwe pamalo obisika ku mphepo, avulidwe zonyowa, afunditsidwe thupi lonse ndi mutu womwe, ndipo pansi pake payalidwe chinthu chouma. Ngati ali maso ndipo akutha kumeza, apatsidwe tiyi wofunda wa shuga kapena phala. Kachasu asapatsidwe, chifukwa mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu n'kutaya kutentha kumene kwatsala. Manja ndi miyendo yake isapikisidwe mwamphamvu, ndipo mbaula isayatsidwe m'phanga kapena m'chipinda chotseka, popeza mpweya wa makala umapha mosanunkha. Akatero, wodwalayo anyamulidwe mosamala, atagona, kupita naye kuchipatala cha boma cha Chiradzulu, ngakhale akuoneka ngati watsitsimuka.