Nkhokwe ya Yosefe pa msika wathu

Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi ku Kapichira mu Januwale 2022, zigayo zinaima, ometa ndi owotcherera zitsulo nasowa chochita. Mu 2023 Freddy anakokolola maokala. Mu 2024 chilala chinafotetsa mbewu. Amalonda ang'onoang'ono ambiri alibe inshuwalansi, ndipo pothawira pawo ndi banki m'khonde.

Pa Genesis 41 timawerenga kuti Yosefe anasunga limodzi mwa magawo asanu a zokolola njala isanafike. Abale, kusunga si kuchepa chikhulupiriro ayi. Tiwalimbikitse kupatula kangachepe malonda akamayenda. Nafenso amene timatenga katundu pangongole kwa mayi wa pa okala, tibweze msanga, pakuti mpamba wakewo ndiyo nkhokwe ya ana ake.