CHOPASULA MABANJA SI MPENI WA DOTOLO



Alipo anthu obadwa ndi thupi lachimuna pamene mtima wao wonse ngwachikazi. Alipo enanso a thupi lachikazi ndi mtima wachimuna. Ena mwa iwo akakula amapita kwa madotolo, nalandira mankhwala, nachitidwa opareshoni kuti thupi limvane ndi mtima. Tsono pa misonkhano timamva ena alikunena kuti zimenezi nzopasula mabanja. Ife tikana. Tamverani.

M'chaka cha 1960 April Ashley wa ku Liverpool anachitidwa opareshoni yotere ku Casablanca ndi Dotolo Georges Burou. Anabwerako mtima uli m'malo, napeza ntchito yoonetsa zovala. Anamgwetsa ndani? Nyuzipepala ina inaulula za iye m'1961, ntchito nkutha. Ukwati wake ndi Arthur Corbett sunakhalitse, ndipo m'1970 woweruza Ormrod anagamula kuti sunali ukwati konse, ati April ndi mwamuna. Chigamulo chimenecho chinamanga anthu onse otere ku Britain kufikira lamulo linasintha m'2004.

Musati nzakutali. Atsamunda omwewo ndiwo anatisiyira Penal Code ya 1930. Ndi ndime 153 ndi 156 za buku limenelo, Tiwonge Chimbalanga, amene amadzidziwa kuti ndi mkazi, anamangidwa pamodzi ndi Steven Monjeza atachita chinkhoswe ku Blantyre m'Disembala 2009. Analamulidwa zaka 14 za ntchito yakalavulagaga. Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira m'Meyi 2010, koma Tiwonge anakathera ku South Africa ngati wothawa kwao. Kodi anamchotsa pakati pa abale ake ndi dotolo?

Ku South Africa komweko lamulo la 2003 lilola munthu kusintha zolembedwa pa chitupa chake. M'2017 mabanja atatu anapita ku khoti lalikulu ku Cape Town. Sanapite kukasudzulana ai; anakapempha kuti Boma lisawalekanitse, ndipo khoti linawavomera.

Sitibisa kuti opareshoniyi njowawa, siibwezeka, ndipo kawirikawiri kubala kumathera pomwepo. Mkazi kapena mwamuna wa munthuyo ayenera kuuzidwa zoona, ndipo ali nao ufulu wotsala kapena wochoka. Koma imeneyo ndi nkhani ya eni ake ndi ankhoswe ao. Si ya apolisi, si ya gulu lokuwiza pa msika.

Chotero tipempha ziwiri. Choyamba, mwana wa m'mudzi mwanu akakhala wotere, musamtenge ngati mfiti. Mgawireni munda, muitaneni pa maliro ndi pa ukwati. Chachiwiri, phungu wathu akadza, mfunseni poyera chifukwa chake tisungabe lamulo limene eni ake anataya kale. Makolo anati chibale ndi fupa, sichiola. Ufulu umene tiufuula ukasiya mmodzi kunja, si ufulu ai!

Mlembi wa Nthambi