MALANGIZO KWA OGULA: Sikuta Yochipa ya Pansi pa Madzi

Munthu amene waphunzira kusambira pansi pa madzi atabereka botolo la mpweya, monga acitira alendo ndi anyamata ena pa nyanja ya Tanganyika ku Mpulungu ndi ku Nsumbu, sacedwa kumva za sikuta ya pansi pa madzi. Awa ndi makina onga mgolo waung'ono, okhala ndi batire, injini ya magetsi ndi mapiko ozungulira kumbuyo. Wosambira agwira zogwirira ziwiri, nakanikiza batani, ndipo makinawo amukoka iye osapalasa ndi miyendo. Popeza satopa msanga, mpweya wa m'botolo ukhalitsa.

Nzeru imeneyi si ya dzulo. Mu Disembala 1941 asilikali a ku Italy anakwera makina akulu oyendera batire, nalowa pansi pa madzi m'doko la Alexandria ku Egypt, kumene anaononga zombo ziwiri zazikulu zankhondo za Britain. Lero masikuta aang'ono agulitsidwa m'masitolo a kunja ndi pa intaneti, ndipo ena ndi ochipa ndithu. Kuchipa kwake si mlandu. Mlandu ubwera pamene munthu agula osadziwa malire a cinthu cimene wagulaco.

Coyamba kufunsa ndico kuya kumene makinawo apirira. Mamita 10 alionse pansi pa madzi aonjezera kupanikiza kofanana ndi kwa mpweya wonse wa kunja kuno. Masikuta ena ochipa anapangidwira ana ndi osambira pamwamba, ndipo malire ao ndi mamita 5 kapena 10 cabe, pamene ena afika 30 kapena 40. Wokhala ndi setifiketi yoyamba ya PADI aloledwa kufika mamita 18, motero sikuta yake iyenera kupitirira pamenepo. Yocepera malire ilowa madzi, ndipo ndalama zonse zathera pomwepo.

Caciwiri ndico kulemera kwake m'madzi. Madzi a mcere anyamula zinthu koposa madzi a m'nyanja zathu. Sikuta imene ingolendewera bwino ku nyanja yamcere ikhoza kutsika yokha pa Tanganyika, nyanja yakuya mamita 1,470, yoposedwa ndi Baikal yokha pa dziko lonse. Wogula asankhe imene kulemera kwake kutheka kusintha, aiyese pa madzi osaya, ndipo aimange ndi cingwe cosavuta kumasula. Ikamkoka kunka pansi, aitaye. Moyo sugulidwa m'sitolo.

Cacitatu ndi batire. Nthawi yolembedwa pa bokosi kawirikawiri ndi ya liwiro locepa, ndipo batire likamakalamba nthawiyo icepa. Apa ndipo pagona ngozi yaikulu. Sikuta yoyenda makilomita 3 pa ola ipita mamita 50 pa mphindi imodzi, ndiye kuti m'mphindi 20 munthu ali pa mtunda wa kilomita imodzi kucokera pa bwato. Batire likathera kumeneko, abwerera ndi miyendo yake, akukoka makina akufa, mpweya ukutha msanga. Lamulo la osambira ocenjera ndi lakuti asapite kutali koposa kumene angabwerereko posambira. Ena agawa mpweya patatu: gawo limodzi lopitira, lina lobwererera, lacitatu losungira tsoka.

Liwiro lomwelo ndi loopsa pokwera. Maphunziro a PADI aletsa kukwera mamita oposa 18 pa mphindi, ndipo makompyuta ambiri a pamkono acenjeza munthu akapitirira mamita 10. Wolozetsa sikuta kumwamba aphwanya malire amenewa nthawi yomweyo. Mpweya wa m'mapapo ufufuma ndi kuwavulaza, ndipo nayitrojeni wa m'magazi acita thovu limene likhoza kupuwalitsa kapena kupha. Pa Tanganyika kusamala kuyenera kukula, cifukwa nyanjayi ili pafupifupi mamita 770 pamwamba pa nyanja yamcere, ndipo kompyuta iyenera kuwerengera kukwera kwa malo kumeneku. Pokwera ndi potsika sikuta izimitsidwe.

Palinso zina zimene wogulitsa sangachule akapanda kufunsidwa. Kodi mphira yotseka cibowo ca batire ipezeka yapadera? Kodi batire lina ligulidwa kuti, ndipo pa mtengo wanji? Mphirayo ifuna kupukutidwa ndi kupakidwa mafuta a silikoni, pakuti kamcenga kamodzi kakwanira kulowetsa madzi. Wobwera ndi sikuta pa ndeke adziwenso kuti batire la lithium losaposa 100 Wh liloledwa m'cikwama ca m'manja, la pakati pa 100 ndi 160 Wh lifuna cilolezo ca kampani ya ndeke, ndipo loposa pamenepo sililoledwa m'katundu wa wapaulendo.

Akulu anati safunsa anadya phula. Sikuta yochipa ikhoza kutumikira mwini wake zaka zingapo ngati anaigula atafunsa mafunso awa, naiphunzira pamaso pa mphunzitsi wa kusambira, ndipo sapita nayo yekha popanda mnzace. Amene ndalama zake sizikwanira maphunziro ndi sikuta pamodzi, ayambe walipira maphunziro, sikutayo idzabwera pambuyo.