Wogwira Mpeni Adzionere Yekha Chithunzi

M'chaka cha 1982 dokotala Bill Heald wa ku Basingstoke, ku Mangalande, anaphunzitsa anzake kuti pochotsa khansa ya kumapeto kwa thumbo lalikulu, achotsenso mafuta onse olikuta, osang'amba kachikopa kake. Nkhani yonse yagona pa malire amenewo. Mu 2006 gulu la Gina Brown wa chipatala cha Royal Marsden linatsimikiza kuti chithunzi cha MRI chimaonetseratu ngati chotupa chatsala milimita 1 kuti chikhudze malirewo. Zikatero, kaŵirikaŵiri amayamba achiotcha ndi makina, mpeni pambuyo.

Komabe alipo madokotala a opaleshoni amene amangoŵerenga kalata ya katswiri wa zithunzi, ngati mlenje woloŵa m'tchire atangouzidwa kuti mbuna ili chauko. Amati ntchitoyo ili ndi eni ake. Nzoona, katswiriyo asachoke. Koma m'chiuno mwa munthu ndi mothina, ndipo kalata siloza pamene mpeni ukhotere. Sukulu za opaleshoni ziwakhazike pansi ophunzira ndi zithunzizi, ziwayesenso mayeso, pakuti mpeni ukaphonya pang'ono, wodwala amatsala ndi khansa, kapena thumba la chimbudzi pamimba limene likadapeŵeka.